Masiku Otuwa a Ngalande ya Nankhande

KOMITI YA SIKIMU YA MTHIRIRA YA NANKHANDE
Zolembedwa za msonkhano wapadera

Tsiku: Lachiwiri, 17 Sepitembala 2024
Malo: M'shedi yosankhiramo kachewere, kumunsi kwa msewu wa ku Bembeke
Nthawi: Unaitanidwa 9 koloko m'mawa, unayamba 10:20

Obwera
Bambo Bonifasio Chimphepo, Wapampando
Mayi Anastazia Kamwendo, Wachiwiri kwa Wapampando, oimira madimba akumunsi
Mayi Elena Chadewa, membala, amenenso ndi mkulu wa kwaya
Bambo Zikhalo Mlongoti, oyang'anira magulu okumba
Tamandani Kachiwala, Mlembi

Osabwera
Bambo Levison Nkhoma (anapepesa kuti nkhumba yawo yaswa)
Bambo Kenan Chikuse (sanapepese, koma anaoneka akudutsa panjinga atayang'ana kumbali)

1. Kutsegula ndi chilengezo chapadera

1.1 Mayi Chadewa anatsegula ndi pemphero. Bambo Mlongoti anavula chipewa mpaka pa Ameni, monga mwa pangano la chaka chatha.

1.2 Wapampando anaimirira, anakonza kolala, napempha kuti pakhale bata chifukwa zimene ati anene zikhudza ngakhale ana amene sanabadwe. Kenaka analengeza kuti fulashi ya sikimu, kachipangizo kosungiramo mafayilo kaja kamene kasowapo kale katatu, tsopano yamangiriridwa chingwe chofiira. Anaikweza m'mwamba kuti onse aione. Komiti inaomba m'manja. Mayi Kamwendo anafunsa ngati chingwecho si cha thumba lawo la anyezi. Wapampando anati chingwe chikalowa m'komiti chimasanduka cha komiti.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Bambo Mlongoti anapempha kuti pamene palembedwa kuti iwo anagona pakonzedwe kuti anatsinzina poganiza. Pakonzedwa.

3. Chiyambi cha nkhani ya tchati

3.1 Wapampando anapempha Mlembi kuti afotokoze nkhani yonse kuyambira kuchiyambi, kuti odzawerenga m'tsogolo asadzati komiti inkangootcha mbatata m'shedi muno. Anachenjeza kuti kufotokozako kukhale kwa anthu, osati kwa ku yunivesite.

3.2 Mlembi anakumbutsa komiti kuti bungwe lotithandiza lili ndi lore imodzi yokha ya mapaipi, ndipo masikimu owafuna ndi awiri. Bungwe linati mapaipi apita kwa amene aonetse, pofika Lachisanu pa 13 Sepitembala 12 koloko masana, ndondomeko yoti ngalande yawo idzakhala itakumbidwa yonse pa 15 Novembala, mvula isanatseke msewu. Tikanalephera, mapaipi akanawolokera tsidya lina la M1, ndipo mabanja 46 a madimba akumunsi akanapitiriza kuthirira kabichi ndi makheni ochokera nawo kudambo. Mayi Kamwendo anapempha kuti zilembedwe kuti iwo ayamba kale kufupika chifukwa cha makheniwo. Zalembedwa.

3.3 Ndondomeko tinali nayo kale. Ndi tchati chachikulu chija chomatidwa pakhoma, pamene ntchito iliyonse yajambulidwa ngati nzimbe yogonekedwa, yaitali ikakhala ya masiku ambiri. Anachikonza pakompyuta ndi a George, injiniya wa bungwe, asanawasamutsire kumpoto. Amene analowa m'malo mwawo, Mayi Jacqueline, alibe pulogalamu yotsegulira tchaticho. Anatiuza kuti iwo nzimbe sawerenga. Akufuna fayilo ya Excel, ntchito iliyonse mzere wakewake, tsiku lililonse m'bokosi mwake.

3.4 Mlembi anakumbutsanso za masiku otuwa. A George atafunsa masiku amene mudzi sungakumbe, msonkhano woyamba unathera m'kulozana zala. Akatchula a kutchalitchi tsiku lawo, a kudambwe ankaseka. Akafunsidwa a kudambwe chifukwa cha tsiku lawo, ankayang'ana kudenga. Pamapeto pake a George anapachika kalendala pamtengo wa pichesi kuseri kwa shedi, nasiya pensulo, nati aliyense amene ali ndi tsiku lofunika mudzi wonse apite yekha akalizungulize. Masiku ozungulizidwawo anawapaka motuwa pa tchati. Kuyambira pamenepo lamulo la sikimu ndi lakuti tsiku lotuwa silifunsidwa mwini wake.

3.5 Pakati pa 23 Sepitembala ndi 15 Novembala masiku otuwa analipo 24. Asanu ndi awiri ndi a Lamulungu, asanu ndi atatu ndi a msika. Atatu amadziwika kuti ndi a kutchalitchi chifukwa Mayi Chadewa analembapo dzina lawo ndi nambala ya foni. Asanu ndi limodzi analibe mwini wodziwika.

4. Fayilo yoyamba

4.1 Mlembi anati a George anamutumizira tchati pa WhatsApp, koma pochitsegula anapezamo malembo okhaokha, mizere yoposa zikwi zinayi. Komanso tchati chinafunika kusunthidwa, poti chinkayambira pa 2 Sepitembala, ndipo maliro awiri ndi kuchedwa kwa mapiki zinali zitakankhira tsiku loyambira masabata atatu kutsogolo. Choncho analemba khodi, kutanthauza malangizo opatsa kompyuta: kuti iwerenge ntchito iliyonse, itenge dzina lake, gulu lokumba ndi kuchuluka kwa masiku, iyambire pa 23 Sepitembala, ntchito ina ikatha inzake iyambe mawa lake, ndipo zonse iziike m'mabokosi a Excel. Ntchitoyi anaigwirira m'babashopu ya pa Bembeke chifukwa muli sola, laputopu ili pamiyendo, tsitsi la eni ake likugwera pa mabatani.

4.2 Bambo Mlongoti anafunsa ngati khodiyo ndi imene Mlembi anakhalira zaka zinayi ku yunivesite. Mlembi anati inde, mwa zina. Bambo Mlongoti anati angofunsa.

4.3 Khodi inagwira ntchito yonse munthu asanamalize kuyetsemula, ndipo inaonetsa kuti ngalande idzatha pa 26 Okutobala, pafupifupi masabata atatu tsiku la bungwe lisanafike. Mlembi anavomera kuti anasangalala kwambiri moti sanadzifunse kuti masabata atatuwo achokera kuti. Anakauza Wapampando, ndipo Wapampando anakalengeza kutchalitchi Misa itatha pa 8 Sepitembala.

4.4 Apa Wapampando anadula Mlembi nati iwo sanalengeze, anangotchulako. Mayi Chadewa anati: "Munaima kutsogolo, a Tcheya. Munati kompyuta yatikumbira kale theka. Kwaya yonse inamva, ena anafika poimba nthungululu." Wapampando anati mawu a m'tchalitchi asamalowe m'zolembedwa za sikimu. Mlembi anafunsa ngati awachotse. Mayi Chadewa anati asayerekeze.

4.5 Lolemba Wapampando analamula kuti fayilo itumizidwe. Netiweki inakana. Mlembi anakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, inakanabe. Komiti ikufuna zidziwike kuti aka n'koyamba netiweki ya kuno kutichitira zabwino.

4.6 Podikira netiweki, Mlembi anasindikiza fayilo namata pachitseko cha shedi. Lachiwiri m'mawa Mayi Kamwendo anaiwerenga. Anapempha kuti mawu awo alembedwe monga anawayankhulira, ndipo ndi awa:

"Ndinaona dzina langa pa Lamulungu, ndinati kaya ndi zamakono. Ndinaliona pa tsiku la msika, ndinati mwana wa aNaphiriyu akufuna kachewere wanga andiolere m'nyumba, a ku Chimbiya azigula wa ena. Koma nditaona kuti gulu la amayi alilemba kukakumba chigawo cha kumsitu wa kumanda pa tsiku lotuwa lopanda mwini, ndinatula dengu pansi n'kuthamangira kwa a Mlongoti, opanda ndi moni yemwe."

4.7 Bambo Mlongoti anatsimikiza kuti moni panalibe. Anatembenukira kwa Mlembi nati: "Amayi makumi awiri ndi makasu, pakhomo pa eni ake, tsiku limenelo! Alembi, inu si munabadwira konkuno? Amayi amenewo mukanakawapeza pa Chimbiya akuthamangabe." Mayi Chadewa anati iwo sakanathawa. Bambo Mlongoti anati aliyense amatero ali m'shedi.

4.8 Mlembi anafotokoza chimene chinalakwika. M'fayilo ya a George masiku otuwa sakhala pamodzi ndi ntchito. Ali pachigawo chawochawo kumayambiriro, chimene iye anachilumpha poganiza kuti n'cha mitundu ya utoto. Choncho khodi inawerenga masiku monga amawerengera munthu wopanda mudzi, wosapemphera, wosagulitsa kanthu, wopanda akufa ake. Mlembi anavomera kuti kulakwa n'kwake, osati kwa makina. Mayi Kamwendo anapempha kuti chiganizo chimenechi chilembedwe kawiri. Chalembedwa kamodzi, koma momveka.

5. Fayilo yachiwiri ndi masiku anayi

5.1 Lachitatu Mlembi anabwerera kubabashopu n'kuonjezera malangizo oti khodi iwerenge kaye masiku otuwa, ndipo ikafika pa lililonse ilumphe. Zotsatira zake zinali zoona koma zosakoma. Ngalande ikufuna masiku 34 okumba, ndipo masiku oyera otsala pofika pa 15 Novembala anali 30. Panasowa anayi.

5.2 Mlembi anati atakauza Wapampando, iwo anaganiza zoti titumize fayilo yoyamba ija popeza inali yooneka bwino. Mlembi anakana, chifukwa Mayi Jacqueline anali atanena kuti azibwera mosalengeza, pepala lili m'manja, tsiku lililonse lolembedwa kuti tikukumba. Wapampando anati iwo sanapereke ganizo, ankangoganiza mokweza. Mayi Kamwendo anati a Tcheya akamaganiza mokweza anthu azibisa mafoni.

5.3 Lachitatu madzulo ndi Lachinayi lonse Mlembi anayenda khomo ndi khomo kupempha masiku, akuyesetsa kuthyola lamulo la masiku otuwa mwaulemu.

Mayi Chadewa anapereka Loweruka pa 12 Okutobala, tsiku limene kwaya inayenera kupita kumpikisano ku Kasina. Anapereka patatha maola awiri ndi makapu atatu a tiyi, pa pangano loti tsikulo kwaya idzaimba nyimbo zonse zisanu kungalande, ndipo okumba onse adzamvetsera mosasankha chipembedzo.

Mayi Kamwendo anapereka tsiku limodzi la msika m'malo mwa amayi ogulitsa, pa pangano loti aliyense wodutsa pa Chimbiya tsikulo asadzawauze mmene malonda anayendera.

Bambo Mlongoti anamvetsera Mlembi mpaka kumaliza, anamusiya pakhonde, napita kukaonana ndi amene anakaonana nawo. Lachisanu m'mawa anabwera kushedi, anaika chala pa mzere umodzi wotuwa pa tchati, natuluka.

5.4 Mlembi anati fayilo yomaliza inatuluka ndi masamba atatu: la ntchito, la magulu okumba, ndi la masiku osakumba. Tsiku lomaliza linagwa pa 15 Novembala ndendende. Inatumizidwa Lachisanu nthawi ya 11:40 kuchokera pachulu chija.

6. Bokosi la chifukwa

6.1 Mlembi anati fomu ya bungwe imafuna kuti tsiku lililonse losakumba lilembedwe chifukwa chake. Pa tchati vutoli panalibe, poti mtundu wotuwa sufotokoza kanthu. Koma Excel ili ndi mabokosi, ndipo bungwe silifuna bokosi lopanda kanthu. Popeza zifukwa zina sizilembedwa, Mlembi anauza khodi kuti m'mabokosi onse makumi awiri ilembe mawu amodzi: "Zam'mudzi."

6.2 Mayi Chadewa anadandaula kuti tsiku la Ambuye lalembedwa mofanana ndi masiku ena amene iwo sakufuna kuwatchula. Anafunsa kuti kodi munthu wa ku ofesi adzasiyanitsa bwanji Misa ndi zinazo. Bambo Mlongoti anati ndiye cholinga chake. Mayi Chadewa anati Lamulungu si chinsinsi. Bambo Mlongoti anati: "Mukalemba anu, aNachisale, otsalawo adziwika okha kuti ndi a yani. Ndiye mayi wa ku ofesi uja abwere ndi kamera." Mayi Kamwendo anati iwo sakudandaula kuti kachewere wawo walembedwa pamodzi ndi Ambuye, m'malo mwake akuona ngati wakwezedwa.

6.3 Wapampando anagamula kuti Mulungu masiku ake amawadziwa popanda Excel. Mayi Chadewa anati avomera chifukwa cha mapaipi okha. Zinagwirizanidwa kuti mawuwo akhale.

7. Yankho la bungwe

7.1 Wapampando anapempha Mlembi kuti awerenge uthenga wa Mayi Jacqueline umene unafika Lolemba. Uthengawo ukuti: "Ndalandira, yatseguka bwinobwino. Mapaipi ndi anu, lore ibwera pa 18 Novembala." Wapampando anapempha kuti uwerengedwenso. Unawerengedwa katatu. Kachitatu Mayi Kamwendo anaimirira n'kuimba nthungululu mpaka nkhunda za padenga zinabalalika, kenaka anakhala pansi n'kupukuta m'maso ndi chitenje, nati ndi fumbi la kachewere.

7.2 Bambo Mlongoti anafunsa kuti nanga maliro akagwa, poti tsiku lopuma lapadera palibe ndi limodzi lomwe. Mlembi anati khodi ikhoza kusuntha ndondomeko yonse pakangosinthidwa tsiku limodzi, ndipo bungwe lati masiku a maliro okha lidzawamvetsa. Ngakhale zili choncho, komiti inagwirizana kupempha anthu onse a m'mudzi, makamaka achikulire, kuti adikire kaye mpaka pa 16 Novembala.

7.3 Gulu lililonse lipatsidwa pepala lakelake losindikizidwa. Zinagwirizanidwa kuti pepala lililonse liziyamba ladutsa m'maso mwa Mayi Kamwendo lisanamatidwe. Mlembi sanatsutse.

8. Kuthokoza

8.1 Mayi Chadewa anati akhala akuwerenga tsamba la masiku osakumba, ndipo aona kuti masiku opanda mwini, amene anali asanu ndi limodzi, atsala anayi. Anati izi zikutanthauza kuti a kudambwe apereka awiri pamene kwaya yapereka limodzi. Anati monga mkhristu akuvomera kuti apambanidwa, ndipo anapempha kuti komiti ithokoze Bambo Mlongoti ndi anzawo. Anaonjezera kuti mawuwa sadzawabwerezanso.

8.2 Wapampando anavomereza ndipo anayankhula mphindi khumi ndi ziwiri za umodzi wa mudzi.

8.3 Bambo Mlongoti anati iwo anapereka limodzi. Wapampando anati kudzichepetsa n'kwabwino koma kusapitirire. Bambo Mlongoti anati: "Limodzi, a Tcheya. Ndinaloza kamodzi, ndi chala chimodzi." Wapampando anafunsa kuti nanga lachinayi ndi la yani. Mayi Kamwendo anawakumbutsa kuti tsiku lotuwa silifunsidwa mwini wake, ndipo lamulolo analisaina ndi iwo omwe. Wapampando anati n'kutheka kuti kompyuta inalipeza yokha, poti makina amenewa ndi ozama.

8.4 Bambo Mlongoti anayang'ana Mlembi kwa kanthawi ndithu, nati: "Alembi, inu lembani zimene mukudziwa." Mlembi anapitiriza kulemba. Komiti inathokoza onse amene anapereka masiku, odziwika ndi osadziwika.

9. Nkhani zina

9.1 Mapiki asanu ndi awiri ndi obuntha. Bambo Mlongoti awatengera kwa wosula Lachinayi.

9.2 Mayi Chadewa anafunsa ngati khodi ingathenso kukonza ndondomeko ya osesa m'tchalitchi. Mlembi anati ingathe, koma singakakamize munthu kusesa. Mayi Chadewa anati ndiye ilibe ntchito.

9.3 Bambo Chikuse auzidwe kuti gulu lawo ndilo liyambe kukumba Lolemba pa 23, kukasupe, 6 koloko m'mawa, ndipo njinga aisiye kunyumba.

10. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Komiti idzakumananso Lachiwiri pa 8 Okutobala, kungalande, nthawi yopuma, popeza tsiku lokhala m'shedi mulibe m'fayilo. Mayi Kamwendo anatseka ndi pemphero lalifupi. Msonkhano unatha 12:50 masana.

Wapampando: B. Chimphepo
Mlembi: T. Kachiwala

Choonjezera cha Mlembi, cholembedwa Wapampando atasaina kale

Tsiku lachinayi ndi Loweruka pa 19 Okutobala. Silinali la kudambwe. Analizunguliza ndi bambo anga, ndipo linali lotsegulira chiliza cha mayi anga. Lachisanu lija, 10 koloko itakwana, masiku opezeka anali akadali atatu ndipo panalibenso khomo lina loti n'kugogoda. Ndinafufuta mzere umodzi, khodi inayenda, ndondomeko inakwana. Sindinafunse malume, kapena achemwali anga a ku Joni amene anali atapempha kale tchuthi kuntchito.

Chiliza sichitsegulidwa mudzi uli kungalande. Lamulungu ansembe amakhala m'matchalitchi a kumidzi, ndipo mvula ikayamba aliyense ali kumunda. Malume akuti ndiye mpaka Ogasiti, ndipo kupatula mawu amenewo sakundiyankhula.

Bambo ndinawauza Lamulungu masana. Ali ndi zaka 83, ndipo chifuwa chimene chinawagwira m'nyengo yozizira sichinawasiye. Anandifunsa ngati madzi adzafika mpaka padimba la mayi. Ndinati adzafika. Anati ndiye palibe kanthu. Jekete limene anachapitsa mwezi watha analipinda okha n'kulibwezera m'sutikesi.

T. K.